Nambala ya γ payokha si umboni wa elekitironi yolemera

Mu 1975, Andres, Graebner ndi Ott adaziziritsa chitsulo cha CeAl3 mpaka pansi pa 1 K n'kuyeza specific heat yake, ndiye kuti mphamvu imene imafunika kuti chitenthe ndi digiri imodzi. M'chitsulo chilichonse gawo la maelekitironi pa muyeso umenewu limakula molingana ndi T (kutentha), ndipo nambala yochulukitsira imatchedwa γ. Ya kopa ndi pafupifupi 0.7 mJ/mol K². Ya CeAl3 idatuluka 1620. Popeza γ imayendera limodzi ndi kulemera kwa maelekitironi oyendetsa magetsi, zidaoneka ngati maelekitironi a m'chitsulochi alemera kambirimbiri, mwina mpaka ka 1000. Dzina loti heavy fermion lidabadwira pa zoterezi.

Chiyambireni nthawi imeneyo pakhala chizolowezi chimene ndikutsutsana nacho. Munthu akapanga chitsulo chatsopano cha cerium, ytterbium kapena uranium, amayeza C/T (specific heat yogawidwa ndi kutentha), ndipo akaona nambala ya mazana angapo, basi dzina laperekedwa. Koma γ yaikulu imangotiuza kuti pa kutentha kochepa pali entropy yambiri (muyeso wa kuchuluka kwa makhalidwe amene chinthu chingakhalemo). Situuza mwini wake wa entropy imeneyo. Kulemera kwenikweni kumachokera ku mmene maelekitironi amakankhanirana ndi kugwirana, ndipo wofuna kugwiritsa ntchito dzinali ayenera kusonyeza kuti maelekitironi osunga entropy ndi omwewo amene akuyendetsa magetsi.

Tiyambe ndi atomu imodzi ya cerium. Ikakhala Ce3+ imakhala ndi elekitironi imodzi m'chigoba cha 4f. Chigoba chimenechi n'chopanikizika, chili mkati pafupi ndi nyukiliyasi, moti maelekitironi a 4f a maatomu oyandikana sakhudzana kwenikweni. Kuika elekitironi yachiwiri m'malo ochepa chonchi kumafuna mphamvu U ya pafupifupi 5 mpaka 6 eV, chifukwa awiriwo amakankhana kwambiri. Kuchotsa imene ilipoyo n'kuipititsa kwa maelekitironi oyenda kumafuna pafupifupi 2 eV. Pa 300 K mphamvu ya kutentha ndi 0.025 eV yokha, choncho elekitironiyo ilibe kolowera: imakhala pomwepo ngati kamaginito kakang'ono. Spin-orbit coupling imasankha J = 5/2, yokhala ndi makhalidwe 6, ndipo crystal field (mphamvu ya magetsi ya maatomu ozungulira) imawagawa, kawirikawiri awiriawiri, motalikirana ndi makelvin makumi angapo kapena mazana angapo. Pa kuzizira kwambiri pamatsala awiri okha apansi. Awiri amenewa ali ndi entropy ya R ln 2, imene ndi 5.76 J/mol K. Nambala imeneyi muisunge, tibwereranso kwa iyo.

Elekitironi ya f siingachoke kotheratu, koma ingathe kutuluka kwa kanthawi kochepetsetsa, ina yoyenda n'kulowa m'malo mwake. Kudumphirana kumeneku kumayezedwa ndi V, ndipo chithunzi chonse ndi chimene Anderson adalemba mu 1961. Mu 1966 Schrieffer ndi Wolff adasonyeza kuti zotsatira zake ndi mgwirizano J (osati J = 5/2 ija) pakati pa spin (kamaginito ka elekitironi) ya f ndi spin ya elekitironi yoyenda. Kukula kwake kumatsatira V² yogawidwa ndi mphamvu zikuluzikulu zija, ndipo umakonda kuti ma spin awiriwo alozane mosiyana. Taonani mmene zinthu zatembenukira: kukankhana kwa ma eV angapo kwabala kugwirana kofooka, ndipo kugwirana kofookako ndi kumene kumalamula zonse pansi pa 10 K.

Jun Kondo adali ataona kale mphamvu ya J mu 1964. Kuyambira m'ma 1930, ku Leiden ndi kwina, anthu ankadabwa kuti resistivity (kukana kudutsitsa magetsi) ya golide imasiya kutsika ikafika pena, n'kuyambanso kukwera chitsulocho chikamazizirabe. Kondo adasonyeza kuti maatomu ochepa a maginito osakanikira m'chitsulo amabweretsa gawo lokula ngati −ln T. Kenneth Wilson adamaliza masamuwo mu 1975: pansi pa kutentha kwina, kotchedwa T_K, maelekitironi oyenda amaizinga spin ija n'kupanga nayo singlet (ma spin ofafanizana), maginito ake n'kuzimiririka.

Apa ndiye pagona nkhani. Entropy ya R ln 2 siingangosowa. Ngati ma spin sanafole mwadongosolo la maginito, entropy yawo iyenera kutuluka pang'onopang'ono pakati pa 0 ndi T_K. Gawani 5.76 J/mol K ndi T_K ya 5 K, mupeza pafupifupi 1150 mJ/mol K². Ndiyo γ ya heavy fermion imeneyo. Palibe elekitironi imene yanenepa. Chachitika n'chakuti entropy ya ma spin yasamukira kwa ma quasiparticle (maelekitironi oyenda monga amaonekera mkati mwa chitsulo) a pa Fermi surface (malire a makhalidwe odzazidwa ndi maelekitironi), ndipo band (mpata wa mphamvu) imene akuyendamo ndi yopapatiza ngati T_K, ma meV ochepa kapena kuchepera apo, pamene ya chitsulo wamba ndi ma eV angapo. N'chifukwa chake masamu wamba a density functional theory, amene amatenga kukankhana kwa maelekitironi mongoyerekeza pakatikati, amapereka kulemera kochepa kakhumi kapena kupitirira apo poyerekeza ndi kumene kumayezedwa. Nthawi zina mawonekedwe a Fermi surface amawapeza bwino, koma kulemera amakuphonya.

M'chitsulo chenicheni cerium ili pa malo aliwonse a lattice, si kachitsotso kosakanikira ayi, ndipo zimenezi zimasintha zinthu ziwiri. Choyamba chimaoneka pa resistivity. Mukamaziziritsa CeCu6 kapena CeAl3, resistivity imakwera ngati −ln T monga Kondo adanenera, koma kenako imafika pachimake n'kugwa msanga. Maatomu onse ayamba kumwaza maelekitironi mogwirizana, ndipo chinthu chofola mwadongosolo sichiletsa magetsi. Pansi penipeni resistivity imatsatira ρ0 + AT², pamene ρ0 ndi yotsala pa 0 K ndipo A ndi nambala yochulukitsira. Chachiwiri n'chakuti J yomweyo imachititsa ma spin kumvana okhaokha kudzera mwa maelekitironi oyenda. Uku ndi kugwirana kwa RKKY, kochokera ku ntchito ya Ruderman ndi Kittel mu 1954, Kasuya mu 1956 ndi Yosida mu 1957, ndipo kumafuna kuti ma spin afole n'kupanga maginito, kawirikawiri antiferromagnet (ma spin oyandikana oloza mosiyana).

Doniach adaika ziwirizi pamodzi mu 1977. Titchule g chochulukitsa cha J ndi density of states ya maelekitironi oyenda. RKKY imakula ngati g², pamene T_K imakula ngati e^(−1/g). Ikani manambala. Ngati band ndi yotambalala 10,000 K ndipo g ndi 0.1, T_K ndi pafupifupi 0.45 K. Mukachulukitsa g kawiri kufika 0.2, T_K imalumphira ku 67 K, kukula pafupifupi ka 150, pamene RKKY yangokula kanayi. Choncho g ikachepa maginito amapambana, ikakula Kondo amapambana, ndipo maelekitironi olemera kwambiri amapezeka pakati pamene awiriwa akulimbana. Izi zikufotokozanso chifukwa chake zitsulozi zimasinthika ndi kufinya kochepa. CeIn3 ndi antiferromagnet pansi pa 10 K, koma ikafinyidwa kufika cha m'ma 2.5 GPa maginito amatha, ndipo pomwepo pamatuluka superconductivity (kudutsa kwa magetsi popanda resistivity) ya pafupifupi 0.2 K, monga Mathur ndi anzake adasonyezera mu 1998. Kwa ytterbium kufinya kumachita zosiyana, ndipo ambiri amaiwala zimenezi. Yb3+, imene ili ndi maginito, ndi yaing'ono kuposa Yb2+, choncho kufinya kumalimbikitsa maginito. Kwa cerium, Ce3+ ya maginito ndiyo yaikulu, moti kufinya kumawapha.

Tsopano funso: ndi zinthu ziti zimene zingatulutse C/T yaikulu popanda elekitironi yolemera? N'zambiri, ndipo zonse zimachitika m'ma labotale.

Chosavuta kwambiri ndi ma phonon, kunjenjemera kwa maatomu. Gawo lawo limakula ngati T³, ndipo anthu amajambula C/T motsutsana ndi T² n'kukoka mzere kubwerera ku ziro. Ukakoka mzerewo kuchokera pa 10 mpaka 20 K m'chitsulo cha cerium, umatola mchira wa zinthu zina n'kuuyesa γ. Njira yabwino ndi kupanga chitsulo chofanana chopanda maginito a f, lanthanum m'malo mwa cerium, lutetium m'malo mwa ytterbium, thorium m'malo mwa uranium, n'kuchotsera specific heat yake. Lanthanum ndi cerium zimalemera pafupifupi mofanana, 139 ndi 140, choncho ma phonon awo sasiyana kwambiri. Kenako pali crystal field. Magulu awiri otalikirana ndi Δ amapereka chitunda cha Schottky chimene nsonga yake ili pafupi ndi 0.42Δ. Ngati Δ ndi 10 K, chitundacho chili cha pa 4 K, ndipo amene makina ake amalekezera pa 2 K adzaona C/T yaikulu ndithu. Palinso maginito amene atsala pang'ono kufola: chitsulo chimene chidzakhale antiferromagnet pa 1 K chimaonetsa C/T yokwera kuyambira pa 3 kapena 4 K. Ndipo ngati maatomu asokonekera pa malo awo, ma spin amauma mosalongosoka kukhala spin glass, imene imapereka chitunda chotambalala chooneka ngati γT. Pansi pa 0.1 kapena 0.2 K ma nyukiliyasi nawo amalowerera. Gawo lawo mu C limapita ngati 1/T², ndiye kuti mu C/T ndi 1/T³: mukachepetsa kutentha ndi theka limakula ka 8. M'zitsulo za indium monga CeCoIn5 limaoneka ngakhale popanda maginito akunja, chifukwa nyukiliyasi ya indium ili ndi quadrupole moment yaikulu. Wosalichotsa adzalengeza kuti γ ikukula mopanda malire pamene ndi ma nyukiliyasi chabe.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Muyeso woyamba wotsimikizira ndi kuwerengera entropy: phatikizani C/T ya gawo la f kuchokera pansi kupita m'mwamba, muone pamene yafika gawo lalikulu la R ln 2, ndipo muone ngati kutentha kumeneko kukugwirizana ndi T_K yochokera ku resistivity kapena ku neutron scattering. Wachiwiri ndi A. Kadowaki ndi Woods adaona mu 1986 kuti A/γ² imakhala pafupi ndi 1 × 10⁻⁵ μΩ cm/K² pa (mJ/mol K²)² m'zitsulo zambiri zamtunduwu. Choncho γ ya 1000 iyenera kubwera ndi A ya pafupifupi 10 μΩ cm/K². Ngati γ ndi yaikulu koma A ndi ya chitsulo wamba, entropy ili ndi ma spin okhala phee, magetsi akuyendetsedwa ndi ena. Chenjezo limodzi: m'zitsulo zina za ytterbium, mmene makhalidwe ambiri a f amatenga nawo mbali, chiwerengerochi chimatsika kwambiri, ndipo zimenezo zili ndi chifukwa chake chodziwika. Wachitatu ndi Wilson ratio, kuyerekeza susceptibility (mmene chitsulo chimamverera maginito akunja) ndi γ. Kwa maelekitironi osakankhana ndi 1, kwa spin imodzi ya Kondo ndi 2. Ikafika makumi angapo, ganizirani za maginito amene ali pafupi kufola.

Umboni wolimba kuposa onse ndi wa de Haas–van Alphen (kukwera ndi kutsika kwa maginito a chitsulo pamene maginito akunja akusinthidwa), chifukwa umayeza kulemera kwa maelekitironi pa Fermi surface penipeni. Taillefer ndi Lonzarich adapeza kulemera kofika ka 90 poyerekeza ndi elekitironi wamba mu UPt3 mu 1988, ndipo mu CeRu2Si2 kwaoneka kwa pafupifupi ka 120. Kuvuta kwake kuli m'masamu a Lifshitz ndi Kosevich. Chizindikiro chimachepa ngati X/sinh X, pamene X ndi 14.69 kuchulukitsa kulemera, kuchulukitsa T, kugawa ndi B, mphamvu ya maginito akunja. Tengani kulemera kwa 100 ndi maginito a 15 T. Pa 1 K, X ndi 98 ndipo simuona kanthu. Pa 50 mK, X ndi 4.9 ndipo chatsala ndi 7 peresenti. Pa 20 mK mumapeza zopitirira theka pang'ono. Choncho pamafunika dilution refrigerator, crystal yoyera kwambiri, ndi kusamala kuti magetsi oyezera kapena kusintha kwa maginito kusatenthetse sampulo, chifukwa thermometer ikhoza kunena 20 mK pamene maelekitironi ali pa 60 mK. Mukamaliza, phatikizani kulemera kwa mbali zonse za Fermi surface muyerekeze ndi γ. Zikapanda kukwana, mwina mbali yolemera kwambiri simunaione, ndipo zimenezo ziyenera kulembedwa poyera.

Superconductivity imapereka umboni wa mtundu womwewo kwaulere. Pamene Frank Steglich ndi anzake adalengeza mu 1979 kuti CeCu2Si2 imakhala superconductor pa pafupifupi 0.5 K, ambiri sadakhulupirire, popeza maginito a cerium amadziwika kuti amawononga superconductivity. Umboni waukulu udali kulumpha kwa specific heat pa Tc, kutentha kumene superconductivity imayambira. Kudali kofanana kukula ndi γTc, pamene γ ili pafupi ndi 1000. Kachitsotso ka chitsulo china sikangalumphitse chonchi. Maelekitironi olemerawo ndi amene akugwirana awiriawiri. UBe13 mu 1983 ndi UPt3 mu 1984 zidabwereza phunzirolo, ndipo CeCoIn5 ya mu 2001 idafika 2.3 K.

Pali amene angatsutse motere: miyeso yonseyi ikudalira kuti chitsulocho ndi Fermi liquid (chokhala ndi γ yokhazikika ndi resistivity ya T²), koma zitsulo zosangalatsa kwambiri sizili choncho. N'zoona. Mu CeCu5.9Au0.1, C/T siikhazikika, imangokwera ngati −ln T. Mu YbRh2Si2, imene imafola pa 70 mK chabe ndipo maginito a pafupifupi 60 mT oyikidwa mopingasa c axis amathetsa kufolako, resistivity imatsatira T osati T². Pamenepo γ imodzi kulibe, A imodzi kulibe. Koma zimenezi sizifooketsa mfundo yanga, zikuilimbitsa. Njira ndi kuchoka pang'ono pa quantum critical point (malo amene kufola kwa maginito kumathera pa 0 K), ndi maginito kapena kufinya, mpaka T² ibwerere, n'kuyeza A ndi γ pamenepo, kenako n'kumayandikira pang'onopang'ono. Mu YbRh2Si2 zidachitika chomwecho, ndipo A idaoneka ikukula ngati 1/(B − Bc), pamene Bc ndi maginito othetsa kufola aja. Kutchula γ ya chitsulo chotere osanena kutentha ndi maginito pamene yayezedwa kulibe tanthauzo.

Ndiponso ndi pamalo amenewa pamene chithunzi cha Doniach chimaperewera, ngakhale chimajambulidwa kumayambiriro kwa pafupifupi nkhani iliyonse ya phunziroli. Chimatiuza amene wapambana, koma sichinena chimene chimachitikira elekitironi ya f pa malire. Oshikawa adasonyeza mu 2000 kuti mu Kondo lattice yopanda maginito, spin ya f imawerengedwa m'kukula kwa Fermi surface, ngati kuti ndi elekitironi yoyenda. Ndiye maginito akafola, imakhalabe m'chiwerengerocho kapena imatuluka? M'maganizo a Hertz a 1976 ndi a Millis a 1993, maelekitironi olemera amakhalapobe n'kupanga spin density wave, ndipo kwa antiferromagnet ya mbali zitatu resistivity iyenera kupita ngati T^1.5, C/T ngati γ0 − a√T. CeCu2Si2 imagwirizana nazo bwino. Koma CeCu5.9Au0.1 siigwirizana nazo: neutron scattering ya Schröder ndi anzake mu 2000 idaonetsa kuti zonse zimadalira ω/T (ω ndi mphamvu imene neutron yasinthana ndi chitsulo), ndi exponent ya 0.75, zimene maganizo aja sapereka. Mu 2004 Paschen ndi anzake adaona Hall coefficient (muyeso wogwirizana ndi kuchuluka kwa maelekitironi oyenda) ya YbRh2Si2 ikusintha mofulumira pa malirewo, ndipo kusinthako kumathina kutentha kukamatsika. Mu CeRhIn5, antiferromagnet ya 3.8 K, de Haas–van Alphen idaonetsa mu 2005 kuti Fermi surface imasintha mwadzidzidzi cha pa 2.3 mpaka 2.4 GPa, kuchoka ku yaing'ono yofanana ndi ya LaRhIn5 kupita ku yaikulu, kulemera kukukwera mbali zonse ziwiri. Apa singlet ya Kondo yeniyeniyo ikuphwasuka. Ine ndikuona kuti mitundu iwiriyi ilipodi yonse, ndipo kukakamiza chitsulo chilichonse kulowa m'chithunzi chimodzi n'kumene kwatalikitsa mikangano ina. Kutanthauzira kwa Hall effect ya YbRh2Si2 kukadali ndi otsutsa, ndipo ali ndi mfundo: m'chitsulo cha ma band angapo, Hall coefficient ingasinthe pa zifukwa zina.

CeRhIn5 imatiphunzitsanso kanthu kena. Popanda kufinya, C/T yake pamwamba pa 3.8 K ndi ya mazana angapo, koma Fermi surface yake ndi yaing'ono, elekitironi ya f siili m'chiwerengero. Wongoyang'ana γ sangasiyanitse chitsulo chimenechi ndi CeCoIn5, chimene chimafanana nacho kamangidwe koma Fermi surface yake ndi yaikulu.

Kwa uranium zimavuta koposa. Chigoba cha 5f n'chotambalala kuposa 4f, maelekitironi ake ndi awiri kapena atatu, ndipo Hund's coupling imalowererapo, moti chithunzi cha spin imodzi yozingidwa sichikwanira. URu2Si2 imasintha khalidwe pa 17.5 K ndi kulumpha kwakukulu kwa specific heat, ndipo chiyambire m'ma 1985 akatswiri sanamvane kuti chimene chafola n'chiyani, n'chifukwa chake amangoti hidden order.

Chotsala ndi sampulo yeniyeniyo, ndipo apa ndi pamene mapepala ambiri amagwera. Chifukwa T_K imadalira g mwa exponential, kusiyana kochepa kwa kaphatikizidwe kumasintha zonse. Mu CeCu2Si2, kopa akachepa pang'ono crystal imakhala antiferromagnet, akachuluka pang'ono imakhala superconductor, ndipo pakatikati ziwirizi zimalimbana. Mitunduyi adaipatsa mayina A, S ndi A/S, ndipo kusiyana kwa kopa pakati pake ndi kwa peresenti imodzi kapena kuchepera. Ma crystal a CeCoIn5 ndi CeRhIn5 amakulitsidwa mu indium yosungunuka, ndipo indium yotsalira pamwamba kapena m'ming'alu imakhala superconductor pa 3.4 K. Resistivity ikagwa pang'ono pa 3.4 K, tsukani sampulo mu hydrochloric acid yosungunula, muipale, muyezenso musanalembe kanthu. Resistivity kufika ziro si umboni wa superconductivity ya chinthu chonse, chifukwa kanjira kamodzi kopyapyala n'kokwanira kudutsitsa magetsi. Specific heat ndiyo imanena za mkati monse.

UTe2 ndi chitsanzo cha posachedwa. Ma crystal amene adaonetsa superconductivity koyamba mu 2019, okulitsidwa ndi chemical vapour transport, adali ndi Tc ya 1.6 K, ndipo pafupifupi theka la γ linkatsalabe pansi pa Tc. Ena ankaonetsa kulumpha kuwiri m'malo mwa kumodzi, ndipo padalembedwa maganizo ambiri ofotokoza zonsezi ngati khalidwe la chitsulocho. Njira zokulitsira zitakonzedwa, makamaka ya mchere wosungunuka, malo opanda uranium mu lattice adachepa, Tc idakwera kufika 2.1 K, kulumpha kudakhala kumodzi, ndipo γ yotsalira idatsika kwambiri. Choncho pepala lililonse lonena za chitsulo chotere liyenera kunena mmene crystal idakulitsidwira, residual resistivity ratio yake (muyeso wa kuyera kwa crystal), ndi ngati specific heat ndi resistivity zidayezedwa pa kachidutswa kamodzimodzi kapena pa tizidutswa tosiyana ta m'gulu limodzi.